Laputopu ya ku Ulaya Imene Ndinagula ku Limbe

Chaka chimenecho ndinkakhala ku Soche, ndipo ndinkadyera ntchito yojambula pa kompyuta: makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, timapepala tomata pa mabotolo. Kompyuta yanga inali itakalamba. Ndikatsegula chithunzi chachikulu inkalira ngati chigayo, kenako n'kuuma gwa. Choipitsitsa chinali mitundu. Ndinakonzera kafakitale kena ka ku Makata timapepala ta mabotolo a tsabola. Kwa ine tinkaoneka tofiira psuu, koma titasindikizidwa tinatuluka ngati dothi la katondo.

Bambo amene ankandisindikizira m'tauni anati, "Achemwali, mtundu wa kompyuta umenewu usiyeni. Anzanu ojambula anasamukira ku makompyuta aja a chizindikiro cha chipatso cholumidwa. Mlamu wanga ku Limbe ali nayo ina, yogwirapo kale ntchito koma yabwinobwino."

Atangotchula mlamu, mtima unandiuza kuti apa pali kudyerana. Komabe ndinapita.

Mlamuyo analibe shopu. Anandidikira m'kanjira ka kuseri kwa sitolo ya nsalu ya amwenye, n'kundilowetsa m'kachipinda kokonzeramo mafoni. Laputopuyo anaitulutsa m'chikwama cha pilo. Inali yopyapyala, yonyezimira, yopanda chipsera ngakhale chimodzi, ndipo kukongola komweko n'kumene kunandiwonjezera nkhawa.

"Yangotsika kumene ndege, mayi. Ya ku Ulaya imeneyi, sinagwidwepo ndi munthu wa kuno."

Ndinaona kuti waya wa magetsi sakufuna kuuchotsa. Atatembenuka, ndinauzula. Ndinkadikira kuti izime, koma inangoyakabe. Ndinayamba kusakatula m'kati, zala zikuphonyaphonya chifukwa chilichonse chinali pamalo achilendo. Mwangozi ndinatsegula zithunzi. Munali chinkhoswe: mtsikana wa mpata m'mano atavala chitenje chobiriwira, kumbuyo kwake phiri limene ndimaliona tsiku lililonse.

"Achimwene, ku Ulaya kulinso phiri la Ndirande?"

Anaseka, koma maso sanaseke. Ine m'mutu munali kale apolisi akugogoda pakhomo panga, aneba akusuzumira pa mpanda. Ndinanyamula chikwama changa.

"Dikirani, mayi! Si yakuba. Ndi ya akazi anga. Kungoti ukanena kuti chinthu n'cha konkuno, anthu amachiderera."

"Aitaneni akazi anuwo."

Anaimba foni akung'ung'udza. Tinadikira nthawi yaitali, mpaka mayi wina analowa, wochokera ku Chinyonga, mwana ali kumbuyo. Anali atanenepako, koma mpata wa m'mano unali womwewo. Ndinatseka laputopuyo n'kumupempha kuti aitsegule yekha. Analemba mawu achinsinsi akuyang'ana ine, osati mabatani.

"Inenso ndinkajambula," anatero. "Maso anayamba kundivuta, ndiye ndinalowa za kaunjika. Koma akuuzani abambowa kuti sipika ya kumanzere inafa? Ndipo ikagwira ntchito nthawi yaitali imatentha apa."

Mwamunayo anamuyang'ana ndi diso lofiira. Ine ndinakayikirabe: bwanji ngati anapangana kuti wina aname, wina aoneke wachilungamo? Anthu a mu Limbe ndimawadziwa. Ndinatulutsa fulashi yanga n'kutsegula chithunzi cha tsabola chija. Kufiira kwake kunaoneka kofooka, ndendende mmene kunatulukira pa pepala. Apo m'pamene ndinazindikira kuti yonama inali kompyuta yanga yakale.

Ndinaigula, koma ndinauza mayiyo kuti achotse yekha zithunzi zake ndi dzina lake ine ndikuona, ndipo ndinakakamira kuti ndimuperekeze mpaka ku Chinyonga kuti ndidziwe pakhomo pake. M'minibasi anandiseka njira yonse.

Masabata oyamba anali owawa. Batani lotsekera tsamba linali kumanzere m'malo mwa kumanja. Chala changa chinkathamangira pamene chinazolowera, n'kuchita zina. Zilembo zokongola zimene ndinasonkhanitsa kwa zaka zambiri, zina zinakana kutseguka, moti khadi la ukwati wa mwana wa abusa athu ndinalibwereza kuyambira pachiyambi. Kompyuta yakale ija sindinaitaye. Ndinaisiya pambali pomwepo, yoyatsa, ngati mlonda. Patapita miyezi, m'mawa wina ndikusesa, ndinapeza kangaude atamanga ukonde pa waya wake. Ndinaizimitsa n'kuikweza pamwamba pa kabati.