Basi ya Ba Langford Yopanda Mateyala

Ba Langford Mbewe anayendetsa minibasi pakati pa Chongwe ndi Lusaka mpaka imvi zinamera. Matenda a shuga atayamba kuwaika nkhungu m'maso, mwini galimoto anatenga makiyi ake. Pakhomo panawatentha. Ankakonza mpanda wosathyoka, kupita kukasuzumira kumsewu, kubwerera, kutulukanso.

"Atate a Tamara, mwanizungulitsa mutu," anatero akazi awo, Ba Christine. "Ku chalichi afuna munthu wothandiza ana kuwerenga masana. Malipiro kulibe, koma pitani, nipumeko."

Anapita. Analemba a, e, i pabolodi, ana n'kuyamba kutsinana pamabenchi. Iwonso miyendo inkawayabwa. Anaponya choko.

"Imani! Gwiranani malaya. Basi inyamuka!"

Anawatsogolera pamzere mpaka kumsika. Chikwangwani chilichonse chinali siteshoni: pachigayo, pogulitsa nyama, pamatumba a feteleza. Zilembo zikuluzikulu ankaziona bwinobwino. Zing'onozing'ono ankauza ana kuti atchule chimodzichimodzi, iwo n'kumalumikiza mawuwo m'mutu.

Makolo ena sizinawasangalatse. "Mwana abwera na fumbi monga achoka kumunda," anadandaula amake Tisauke, mayi wogulitsa tomato. "Iyi ni sukulu ya bwanji?" Anamuletsa mtsikanayo kubwera, ndipo ena awiri anatsatira.

Zinawapweteka Ba Langford. Chakudya ankangochitola pamwamba. M'mawa ankalawirira kusiteshoni, n'kumayendayenda pakati pa mabasi, akudzifunsa ngati dalaivala angakhaledi mphunzitsi.

Kumeneko tsiku lina anaona amake Tisauke, dengu pamutu, kondakitala akuwakokera m'basi. Tisauke anaima nji, maso pakatoni yoikidwa pagalasi lakutsogolo, milomo ikutchula zilembo chimodzichimodzi.

"Amama, selukani! Apa palembedwa Lu-sa-ka. Ya ku Chalimbana ni ija!"

Mayiyo anatsika akukalipira kondakitala. Ataona Ba Langford anayang'ana kumbali, osapereka moni. Koma sabata yotsatira Tisauke anabwerera pamzere, atagwira dzanja mng'ono wake.

Lero mzerewo watalika, ndipo zikwangwani zonse za paboma ana anazimaliza. Ba Langford amva kuti kumidzi ya ku Nkomeshya kuli ana ambiri, zikwangwani kulibe. Ayamba kutolera matumba a ufa, mapaketi a sopo ndi makatoni olembedwa, n'kumaunjika pakhonde.

"Na maso yamene aya, muzapalasa njinga mpaka kuja?" anafunsa Ba Christine.

"Msewu niudziwa," anayankha, akupopa teyala.