Jekete la Jameson

Jameson anabwerera kumudzi kuchokera ku Halale chaka chimene anthu ankakangana za Chitaganya. Anzake ankabwera ndi njinga, mabulangete, ena makina osokera. Iye anatsika basi ku Zomba ndi kamera, miyendo itatu yamatabwa yoimikapo kamerayo, ndi jekete limodzi la mizeremizere. Ku Halaleko ankangosesa m'sitolo ya munthu wojambula zithunzi, koma kuno anafika akuyenda ngati mwini sitoloyo.

Anakwatira Rhoda, mwana wa a Enoki, msodzi wa matemba wa kufupi ndi dooko la Kachulu, ndipo anakhala pachikamwini. Khasu sanaligwirepo. Ankati manja ojambulira safuna matuza. Koma mpunga wa apongozi akewo manja omwewo ankautapa bwinobwino, osadandaula.

Miyendo itatu ija ankaikonda kuposa mkazi wake. Ankaipaka mafuta a nsatsi, ankagona nayo kumutu, ndipo mvula ikayamba panjira ankaifunditsa malaya ake, Rhoda akunyowa pambuyo. Pojambula ankadzifunditsa nsalu yakuda kumutu, ngakhale a Thomson, amene nawonso anagwirako ntchito ku Halale, ankatiuza kuti kamera yaing'ono ngati imeneyo sifuna nsalu. Analinso ndi lamulo lake: akangoimika miyendo ija, aliyense atseke pakamwa, chifukwa mawu amagwedeza mpweya n'kuwononga chithunzi. Bodza lamkunkhuniza limeneli tinkalimvera, poti kamera ina kunalibe.

Chimene chinkandinyansa ine kwambiri ndi jekete lija. Mwamuna aliyense wofuna chithunzi ankayenera kulivala, pamodzi ndi tayi ya Jameson ndi wotchi yake yakufa. Ankati sangawononge filimu pojambula zigamba. Mukalowa m'nyumba za m'mudzi mwathu masiku amenewo munkapeza jekete lomwelo pakhoma lililonse, mitu yokha ndiyo inkasintha.

A Enoki anayamba kudwala chifuwa nthawi yokolola mpunga, ndipo pofika m'chilimwe anali atatheratu. Akazi awo, mayi Elenala, ankaona kumene zinthu zikulowera. Anafuna chinthu chimodzi chokha, nkhope ya mwamuna wawo papepala, kuti adzakhale ndi poyang'ana. Mkamwini sakanalankhula naye maso ndi maso, choncho anatuma Rhoda kukapempha kuti awajambule bambowo pakhonde pawo, akuluka mono monga ankachitira masiku onse.

Jameson anakana. "Pakhonde? Nkhuku zikudutsa kumbuyo? Azungu amajambulira pamene pali madzi ndi phiri. Bambo apite kunyanja, phiri la Chisi likaoneke kumbuyo kwawo."

Tsiku lotsatira tinamukweza munthu wodwala panjinga, awiri akumugwira, mpaka kunyanja. Madzi anali atathawira kutali monga amachitira chilimwe, n'kusiya matope ong'aluka pamwamba. Aliyense wobadwira kuno amadziwa matope amenewo: pamwamba ndi pouma gwa, pansi ndi phala. Jameson nayenso anabadwira konkuno, koma Halale inamuiwalitsa. Anawakhazika a Enoki pamphepete pa bwato lawo, naimika miyendo yake itatu pamatopepo, nalowa munsalu yakuda. Anakhalitsa mmenemo, kenako anatuluka n'kunena kuti zonse zakhala m'malo mwake.

Akanajambula nthawi yomweyo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma panali jekete. Anawavula a Enoki malaya awo, nawaveka lake lija, limene linangolendewera ngati laanikidwa pamtengo. Anamanga tayi, naimasula, naimanganso. Anatembenuza wotchi kuti ioneke. Anawaika manja pamaondo, nawauza kuti asatsokomole. Nthawi yonseyi mwendo wakutsogolo wa kamera unkalowa m'matope pang'onopang'ono, kamerayo n'kumaweramira pansi ngati mbuzi yofuna kumwa madzi.

Tonse tinkaona. Mayi Elenala anaima patali, monga apongozi amachitira, ndipo nawonso anaona. Anamunong'oneza Rhoda, Rhoda nasendera pafupi ndi mwamuna wake.

"Bambo ake Medson, mwendowo..."

"Khalani chete inu," anatero Jameson osacheuka. "Mufuna muwononge chithunzi cha bambo anu?"

Munsalu muja sanabwereremonso. Anaima pambali pa kamera, dzanja lina m'chiuno, maso ali pa khamu la asodzi limene linasonkhana kudzamuonerera, nadina kachingwe kojambulira. Atamaliza anazula miyendo ija n'kuyamba kuipukuta matope ndi mpango, akudandaula, a Enoki akutsokomola pabwato atavalabe tayi.

Chithunzicho sichinatuluke msanga. Filimu inkakatsukidwa kwa Mmwenye wina ku Zomba, ndipo Jameson anati sangapite nayo isanathe. Ankadikira ukwati wina wa ku Likangala kuti aimalizire. Rhoda anamupempha mpaka kulira, koma iye ankangoti akazi sadziwa za makina. A Enoki anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Tinawaika, tinameta, ukwati wa ku Likangala unachitika, ndipo pamenepo m'pamene bwana wathu anavala jekete lake n'kupita ku Zomba.

Ndinalipo tsiku limene Rhoda anabwera nacho chithunzi kwa mayi ake. Jameson anaima kuseri kwa nkhokwe, pomwe mawu ake akanamveka. Mayi Elenala anapukuta manja, nachilandira ndi manja awiri.

Phiri la Chisi munalibe. Madzi munalibe. Chithunzi chinayambira pa mfundo ya tayi kutsika pansi: jekete, wotchi, maondo, mapazi osavala, ndi matope ambirimbiri. Mutu wa a Enoki unatsala kunja kwa pepala.

"Ndinanena ine kuti pasapezeke wolankhula," mawu anamveka kuseri kwa nkhokwe. "Wawononga ndi mwana wanuyo. Koma taonani mmene jeketelo latulukira, mzere uliwonse ukuoneka. Ngakhale ku Halale sangajambule choposa apo."

Sindinadanepo ndi munthu ngati mmene ndinadanirana naye tsiku limenelo.

Mayi Elenala anasendeza chithunzicho pafupi ndi maso. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda papepalapo mpaka chinaima pa maondo. Pamenepo panali manja a a Enoki, otuluka m'mikono ya jekete la eni ake, zala zokhota ndi ntchito yoluka miono, chipsera cha minga ya mlamba chikuoneka pa chala chachikulu. Anaitanitsa lezala. Anadula mosamala kuzungulira manjawo, kachidutswa kochepa ngati tsamba la bwemba, nakaika m'buku lawo la nyimbo.

Chotsalacho anamupatsira Rhoda.

"Kawapatse amuna ako jekete lawo."