Lamba wa Mtima Ndidavala Ine

Amuna anga ndi munthu wosamva, ndipo ndikunena izi iwo ali moyo, akafuna adziwerengere okha. Tidatsika ku Angónia kubwera ku Tete nthawi imene malasha ankakoka anthu, iwo atapeza ntchito yoyendetsa kamiyau, lole ya malasha, ku migodi ya ku Moatize. Tidapeza kanyumba ku Matema, ine n'kumagulitsa kachewere pamsika.

Kumudzi ankadziwika ndi liwiro ali mnyamata, koma sukulu idathera panjira, liwiro n'kuthera kumunda. Ndiye kampani yawo italengeza mpikisano wa makilomita makumi awiri ndi imodzi, kuti atatu oyamba adzatumizidwa ku Maputo kukathamanga ndi akatswiri, munthu wanga chakudya chidaleka kulowa. Zaka zidali zitayandikira makumi anayi. Adandiuza okha kuti, "Mayi, ikandiphonya iyi, ina kulibe."

Kuntchito kwawo kudali shefi, bwana wina wa ku Brazil, wa masewera aja osambira, kupalasa njinga n'kumalizira kuthamanga, zonse tsiku limodzi ngati wolodzedwa. Iyeyo adawakonda, n'kuwabwereka wotchi ndi lamba womanga pachifuwa, wowerenga kugunda kwa mtima. Adawalemberanso pepala la mazona asanu, ndiye kuti magawo asanu a kugunda kwa mtima. Ngakhale ine wa kachewere ndidalimva pepalalo. Zona doyisi, yachiwiri, ndi pamene ukuthamanga koma ukutha kucheza, mawu athunthu, mpweya osaduka, ndipo m'menemo ndimo uzikhala masiku ambiri. Zona kwatulo, yachinayi, ndi pamalire, pamene miyendo yayamba kuotcha, mawu akutuluka awiriawiri. Imeneyo kawiri pa sabata, basi. Ukamakhala pamalirepo tsiku ndi tsiku, thupi silionjeza mphamvu, limangoperepeseka. Shefi adachenjezanso kuti ku Tete kuno si kumapiri kwanu, kutentha kokhaku kumathamangitsa mtima, choncho chepetsani liwiro ngakhale zioneke ngati mukuyenda.

Ine ntchito yanga idali yowatsatira panjinga m'mamawa, ndisanakayale malonda, n'kumacheza nawo kuti timve ngati mawu akutuluka. Abale inu! Kucheza ndi munthu amene ngakhale atakhala pamkeka amangoti "ee" ndi "iyayi".

Tikanyamuka ku Matema zinkayamba bwino. Kuwoloka mlatho, bwinobwino. Koma tikangofika pamene anzathu a ku Angónia ndi ku Tsangano amatsitsira matumba a kachewere, zonse zinkaonongeka. Mmodzi ankangofuula kuti, "Achimwene, mwakalamba! Mukuponda mazira kodi?" Basitu. Munthu wanga chifuwa patsogolo, fumbi koboo, wotchi ikulira, ine pambuyo chitenje chitakodwa m'tcheni. Ndinkawapeza ku Nhartanda atagwira mawondo, ali wefuwefu.

"Bambo, zona doyisi imeneyi?"

"Ee."

"Tatchulani mayina a ana anu onse atatu mosapuma."

Ankathera pa wachisamba.

Tsiku lina adadandaula kuti anthu aja akakanena kumudzi kuti akuthamanga ngati nkhalamba. Ndidawayankha kuti anthu ajawo sathamanga ngakhale basi ikuwasiya, nanga manyazi ake ndi a chiyani? Fulumira adadya gaga. Mawa lake chimodzimodzi.

Sabata iliyonse shefi ankalumikiza wotchi ija ku kompyuta n'kuona zonse, liwiro ndi mtima womwe. Adawadzudzula kawiri. Kachitatu adati akaonanso mizere yofiira yokhayokha, yosonyeza mtima wothamanga kwambiri, awalanda wotchiyo, asiyane. Apa m'pamene amuna anga adatulukira nzeru yawo. Wotchi avale iwo, lamba ndivale ine, koma ndizipalasa pafupi nawo kuti ziwirizo zizimvana.

Ndidakana. Ndidakalipa mpaka a nyumba yoyandikana nayo adasuzumira. Koma iwo adangotenga njinga yanga, kuithira mafuta, kuipopa, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, mukufuna andilande?" Ndivomere pano kuti ndidavala. Ndidavala ine, mkati mwa bulauzi, masabata asanu athunthu, chitenje n'kuchimangira m'mwamba. Ndipo kwa munthu wozolowera kupalasa ndi thumba la kachewere kumbuyo, njinga yopanda katundu idali masewera chabe. Mtima wanga unkangoti phee, iwo pambali panga akufa ndi befu.

Shefi adakondwa koopsa. Liwiro lalikulu chonchi, mtima uli m'zona doyisi! Adawerengera n'kupeza kuti ngati kumeneku ndiko kuthamanga kwawo kopepuka, ndiye malire awo ali kutsogolo kwambiri. Adawalembera liwiro loti adzayambe nalo pampikisano, loposa limene ankathamanga kale. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti eni bodzawo adalikhulupirira. Adafika kunyumba akumwetulira, pepala lili m'manja.

"Bambo, mwapenga? Mtima umene akuutamawo ndi wanga!"

"Miyendo ndi yanga," adatero, n'kukoleka lambayo pamsomali.

Tsiku la mpikisano ndidakumana naye shefiyo poyambira. Adandigwira chanza, akuseka, n'kunena kuti ndikonzekere kuwaperekeza ku Maputo. Ndidafuna kuulula za lamba uja, koma kwathu mkazi sayalutsa mwamuna pamaso pa abwana ake. Ndidameza mawu. Akuluakulu adachedwa ndi zolankhulalankhula, moti anthu ponyamuka dzuwa lidali litakwera kale, phula likununkha.

Makilomita khumi oyamba adatsogola okha, a kachewere akukuwa, ena akuponya zipewa m'mwamba. Ine ndinkatsatira panjinga m'mbali mwa msewu, ndikuona khosi lawo likuuma, thukuta litasiya kutuluka. Ndidafuula kuti chepetsani, iwo maso pa wotchi, kuthamangitsa nambala ya papepala. Pobwerera, pamlatho, miyendo idayamba kupingana. Adapita kumanja, adapita kumanzere, kenaka adakhala pansi mwaulemu, n'kugonera chammbali. Amene adawasiya kutali aja adadutsa mmodzimmodzi, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ine nditagwada paphula lotentha ndikuwathira madzi kumutu, ndikulira ndi kutukwana nthawi imodzi.

Kuchipatala adawaika soro, madzi aja a m'mitsempha. Masana shefi adabwera, nkhope itagwa. Adaima kumiyendo kwa bedi n'kuyamba kupepesa. Adati wolakwa ndi iye, adawerenga molakwika, akadapha munthu wa ana atatu, ndipo sadzaphunzitsanso wina aliyense. Munthu wamkulu, misozi ili lengelenge.

Ndidayang'ana amuna anga kuti alankhule. Iwo maso ali pa botolo la soro, kuwerenga madontho. Ndidadikira. Ndidatsokomola. Zii.

"Shefi, simudalakwitse," ndidatero. "Lamba uja ndinkavala ine. Mtima umene munkawerenga ndi wanga."

Adandiyang'ana, kenaka adayang'ana amuna anga. Sadakalipe, ndipo bola akadakalipa. Amuna anga adamasula okha wotchi ija ndi dzanja limodzi n'kuipereka, shefi adailandira n'kutuluka osatsazika.

Ku Maputo adapita ena. Nsapato zothamangira zija adayamba kuvala popita kukayendetsa kamiyau mpaka zidang'ambika, ndipo ine sadandilankhule sabata ziwiri, ati ndidawavula pagulu. Mpaka pano alendo akafunsa za mpikisano uja, amayankha kuti lidawagwetsa ndi dzuwa la ku Tete. Ine ndikamva choncho ndimadzuka n'kutuluka panja, chifukwa pakamwa pangapa ndimapadziwa.