Njati sichoka pansi pa mango

Muli bwanji nonse.

M'mawa uno ndikuswa nshawa pakhonde, ndangoona galimoto yofiira ili kale pabwalo. Sindinaimve, ngakhale galu sanauwe. Watulukamo Mabvuto, mdzukulu wanga, ndi bambo wina wa magalasi akuda. Akuti tisinthane: bamboyo atenge Njati, chigalimoto cha malemu agogo anu chija, ife titsale ndi yakeyo.

Mabvuto ali, "Agogo, iyi ku Tamanda ndi pafupi, mafuta imangonyambita. Njati imamwa ngati chidakwa."

Kumwa imamwadi. Koma m'ma 90 muja, ikangobangula cha ku Madzimoyo ndinkatereka madzi osamba, agogo anu pofika madziwo atafunda. Inkatuluka yokha m'matope a ku Kasenengwa, thonje lili pamsana. Nanga iyi yobwera monyang'ama ngati fisi, ikamachoka ndidzaimva bwanji?

Ndamufunsa bamboyo kuti, "Ngati yanuyi ndi yabwino chonchi, nkhalamba yathu mukuifuniranji?" Wangoseka, dzanja likusisita boneti. Mtima wanga sunakhale pansi mpaka pano.

Akuti abweranso Loweruka. Kiyi ndamangirira ku kolona, ali m'khosi muno.

Inu mukuti bwanji? Koma muyambe mwandiuza: kupatula Mabvuto, ndani winanso mwa inu anamulozera bamboyu njira ya kuno?