Lente ya tinsomba ta malemu

Zaka zambiri ndakhala ndikujambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso kuno ku Tete, koma ntchito imene inandiweramitsa msana inali ya tinsomba tosaposa chala.

Dona wina wachikulire wa kudera la Filipe Samuel Magaia anandiitanitsa kunyumba kwawo. Amuna awo anali atamwalira n'kusiya akwariyo, bokosi lagalasi lodzaza madzi ndi tinsomba tofiira ndi tachikasu. Donayo ankasamukira kwa mwana wawo ku Beira, ndipo nsombazo sakanapita nazo.

"Mundijambulire, bambo," anatero. "Koma pafupi, ndiziona maso azo monga ankachitira malemu."

Lente yanga ya maukwati, diso lagalasi la kamera, inakana. Ndikayandikira, zonse zinkangoti mbuu. Ndikatalikira, pagalasi pankaoneka nkhope yanga yathukuta ndi zenera la kumbuyo.

Mnzanga wojambula wa ku Matundo, kutsidya kwa mtsinje, anali ndi malente awiri a makro, ojambulira tinthu ting'onoting'ono, koma anati andibwereka imodziimodzi. Ndinawoloka mlatho pa chapa, minibasi ya kuno, dzuwa likuswa mtengo, n'kukatenga yaifupi. Inali yopepuka, koma inkafuna ndichite kugunda nayo galasi. Nsomba zikaona chinthu chakudacho zinkathawira kuseri kwa miyala. Masana onse ndinakhala chogwada, osaphula kanthu.

M'mawa mwake ndinawolokanso kukasinthitsa ndi yaitali. Iyi inkandilola kukhala chapatali, nsomba osadzidzimuka, koma inali yolemera. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, diso la nsomba linkasowa. Tinatseka makatani kuti kuwala kusagwe pagalasi, m'nyumba mukutentha ngati mu uvuni. Ndinatsamiritsa zigongono pampando, malaya atanyowa mpaka m'chiuno.

Pa zithunzi zonsezo, zabwino zinali zinayi. Dona anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Zakongola, bambo. Koma kaja kong'ambika mchira kali kuti? Ndiko ankakakonda malemu."

Kanali kamantha, kongokhala pansi pa mwala. Ndinapempha mnzanga kuti andisiyire lenteyo tsiku limodzi lina. Tsikulo ndinadikira mpaka mawondo anachita dzanzi. Chakumadzulo kanatulutsa mutu wokha, ine n'kudina kawiri. Mchira sunaoneke.

"Palibe kanthu," anatero Dona, atagwira kamera ndi manja awiri. "Ndikukadziwa ndi nkhope."

Popita kukabweza lente ndinagona m'chapa, chikwama chili pachifuwa, ndipo ndinapitirira potsikira. Ndinabwerera wapansi.