Chingwe cha pa Dziwe

Ntchito imeneyi ndinaipeza chifukwa anzanga anaikana. Tinali onyamula katundu ku Likhubula, ndipo kapitawo atanena kuti kwabwera mzungu wofuna munthu wogwira chingwe, aliyense anayang'ana kumbali. Mbiri inali itamveka kale kuti m'bokosi lake muli makina a diso. Masiku a chipani chimodzi, chinthu cha diso anthu ankachiopa.

Mzunguyo anakulira pa esiteti ya tiyi, choncho Chichewa ankachidziwa. Anandiuza kuti kumapeto a dziko, kum'mwera, nyanja imaundana pamwamba, ndipo amaboola dzenje n'kutsitsa makina kuti akaone za pansi. Ake anali atsopano. Anafuna kuwayesa kaye pa dziwe lakuya la m'phiri, m'nyengo ya chiperoni.

Makinawo anali kabokosi ka nyali ziwiri, kamera ndi timapiko tozungulira. Iye ankawayendetsa ali mu tenti, maso ali pa kanema, jenereta ikulira. Ine ndinkakhala ndekha pamwala, kumasula chingwe pang'onopang'ono ndi kuchipinda mopingasa kuti chisapotane. Ndikatsika kumudzi, anzanga sankadya nane.

Tsiku lina chingwe chinakungika m'manja mwanga. Makina anali atakodwa pansi pa thanthwe. Ndinapondetsa mapazi pamwala n'kuyamba kukoka.

"Achimwene, lekani," anatero mzunguyo ali mu tenti. "Chikaduka, ulendo wanga wathera pano. Masulani."

"Ndimasule chinthu chikuthawa, bwana?"

"Sichikuthawa. Chikusowa potembenukira."

Ndinamasula, mtima usakufuna. Chingwe chinkangolowa m'madzi akudawo, zala zanga zitachita dzanzi. Panalibe woyankhula naye. Patapita nthawi chinafewa chokha, ndipo nyali ziwiri zija zinaoneka zikukwera.

Mzunguyo anapita kunyanja yake youndana, sindinamvenso za iye. Ine kulemba ndinaphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zitayamba, ndipo mawu ake aja, akuti chikusowa potembenukira, ndiwo ndinayamba kulemba pandekha.

Mwana wanga wamwamuna amakhala ku Limbuli. Anachoka pakhomo pano titakangana, ndipo papita zaka. Abale amati ndipite ndikamutenge. Sindipita. Nanazi zikapsa ndimapatsira anyamata a njinga kuti akamupatse, popanda mawu, n'kukhala pakhonde. Chingwe sichinafewebe, koma sindikoka.