Nthambo ya Mapulagi Awiri

Pagalaja ya kuseri kwa msika palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti Mayi Tesita, chifukwa cha kasikuludiraiva koyezera magetsi kamene kankakhala kotsomeka m'duku mwawo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Anafika pagalajapo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo ngati mkazi wa mwini wake, kudzangopereka chakudya chamasana. Tsiku lina amuna awo anati, "Tandigwirirani waya uyu," ndiye anagwira mpaka imvi.

Setifiketi ya zamagetsi inali ya amuna awo, yopachika m'fulemu mu ofesi. Koma tinene mosapsatira: maso a bambowo atayamba kuchita chidima ndi matenda a shuga, amene ankakwawira pansi pa madashibodi ndi kukwera m'masiling'i a anthu anali mayiwa. Sanadandaule, nanga si zinali za m'nyumba imodzi. Bambo atamwalira, galaja inagwera mng'ono wawo, mlamu wa Mayi Tesita, amene nayenso anali ndi setifiketi yake. Munthu wa malaya oyera, ntchito yake kuyankha foni ndi kuseka ndi makasitomala. Mawaya onse anatsalira mayiwo, koma papepala iwo anali munthu wongothandiza.

Chaka chimenecho ofesi yopereka ziphaso inatsegula khomo kamodzi kokha. Anati amene anaphunzira ntchito pamanja akhoza kulemba mayeso, bola abwere ndi kalata yosayinidwa ndi munthu wachiphaso amene amagwira naye ntchito. Tsiku lomaliza linali Lachisanu. Mayi Tesita anaifuna nkhaniyi ndi mtima wonse. Anatopa kupempha dzina la wina kuti ntchito ya manja awo ivomerezeke. Kalata anailemba okha, mwana wawo wamkazi anawataipira, ndipo chinangotsala ndi siginecha.

"Alamu, kalata ija," anatero Mayi Tesita kwa mlamu wawo.

"Ndisayina, alamu, ndisayina. Kodi ndikuthawa? Ingomalizani galimoto ya aphunzitsiyi ituluke Lachisanu m'mawa, basi."

Galimotoyo inali minibasi yogonamo, yokhala ndi bedi, kasinki, kafiriji ndi timakabati. Anagula ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, kuti iwo ndi akazi awo aziyendera ana ndi zidzukulu popanda kuvutitsa eni nyumba ndi malo ogona. Inachokera kunja, choncho masoketi ake onse anayi anali a mabowo awiri ozungulira, ndipo ketulo ya mano atatu sinkalowa. Ntchito inali yoti asinthe masoketiwo, ndi kukonza polowera magetsi kunja kwa galimoto, pamene panali pothyoka.

Galimoto yotere imakhala ndi magetsi amitundu iwiri. Ena ndi a batire, oyatsa timababu, ndipo amenewo ngofatsa. Ena amachokera pakhoma la nyumba kudzera panthambo galimoto ikaima, ndipo amenewo ndiwo amapha. Lachitatu Mayi Tesita anamasula masoketi n'kusuzumira kuseri, ndipo anangogwira pakamwa. Buleka yodula magetsi zinthu zikalakwika munalibe, wina anaizula kalekale n'kungolumikiza mawaya ndi tepi. Waya wa efi, uja wobiriwira wothawitsira magetsi pansi, ankangolendewera osamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Waya wamoto atangokhuzuka ndi mabampu n'kukhudza bodi, galimoto yonse ikanasanduka msampha kwa aliyense wogwira chitseko. Iwo anazolowera kukhudza chitsulo chilichonse ndi kuseri kwa dzanja poyamba, kuti magetsi akakhalamo dzanja lidumphe m'malo mofumbata. Nanga mkazi wa aphunzitsi angadziwe zimenezo?

Waya wa efi anamumanga tsiku lomwelo, buleka anaikamo ina imene inali m'bokosi mwawo. Vuto linali polowera magetsi paja. Chipangizo choyenera pamenepo chimakhala ndi mano kugalimoto, ndipo nthambo imathera ndi mabowo, kuti moto ubisike. Kusitolo anati chifika pakatha sabata.

Mlamu atamva za sabata, anavula wotchi n'kugwira pulayasi, koyamba chaka chonsecho. Anaika soketi wamba ya m'nyumba kunja kwa galimoto, kenako anadula nthambo yaitali n'kuika pulagi uku, pulagi uku. Anainyamula monyadira ngati wapha nsomba yaikulu.

"Alamu, imeneyo ndi imfa," anatero Mayi Tesita. "Mukalowetsa mbali imodzi pakhoma, mano a mbali inayo ali ndi moto, poyerayera."

"Inu mumakonda kukulitsa nkhani. Aphunzitsi ndi munthu wophunzira. Tiwauza kuti aziyamba kulowetsa kugalimoto, kenako kukhoma."

"Nanga tsiku limene adzaiwale?"

"Kodi wa setifiketi ndani pano, inu kapena ine?"

Mawu amenewo anawalasa Mayi Tesita. Lachinayi lonse anamanga masoketi atsopano bwinobwino, uku akudziuza kuti nthamboyo sanapange ndi iwo. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akulondola ntchito, kodi kutseka pakamwa m'mawa umodzi kungawaphe? Mwana wa mwini ndi mwana wa mwini, iwo ali ndi awo owadalira. Anadzinyenga choncho mpaka anakhulupirira.

Lachisanu m'mawa aphunzitsi anafika ndi akazi awo, onse atatchena ngati akupita ku ukwati. Kalata inali m'thumba la ovololo ya Mayi Tesita. Mlamu analowetsa nthambo mwadongosolo lake lija, anayatsa ketulo, madzi n'kuwira. Aphunzitsi anaomba m'manja. Kenako akazi awo, mayi wamfupi wosekaseka, anazula pulagi kugalimoto n'kuyamba kukulunga nthambo pamkono, pulagiyo ataifumbata m'manja, mano ndi onse. Mwayi wake mlamu anali atazimitsa kale swichi yapakhoma.

"Ntchito imeneyi ikhala yanga," anatero mkazi wa aphunzitsiyo akuseka. "Bambowa amaiwala ngakhale magalasi ali pamphuno."

 Mayi Tesita anayang'ana dzanja lija lofumbata mano a pulagi, ndipo pakamwa panangotseguka pokha.

"Mayi, taikani pansi nthamboyo."

"Alamu!" anatero mlamu.

Mayi Tesita sanamuyang'ane. Anayala pulagiyo pathabwa louma, anayatsa swichi yapakhoma, n'kusolola tesita m'duku. Atakhudza dzino limodzi, kababu ka m'tesitamo kanayaka psuu.  Mkazi wa aphunzitsi anayang'ana chikhatho chake, n'kuchipukuta padiresi kawiri konse.

"Mayi, mwatipulumutsa," anatero aphunzitsi. "Ndiye zimayenera kukhala bwanji?"

Mayi Tesita anafotokoza zonse: chipangizo choyenera polowera, kukula kwa nthambo, mmene angayesere buleka mwezi ndi mwezi. Aphunzitsi anatulutsa kabuku n'kumalemba mzere ndi mzere, akufunsanso pamene sanamve. Mumtima mwa Mayi Tesita munayamba kachiyembekezo. Anaganiza kuti munthu wanzeru ngati uyu waona yekha amene amadziwa ntchito pano, ndipo akanena mawu amodzi, mlamu achita manyazi n'kusayina.

"Mukandipatsa sabata imodzi, ndikukonzerani ndekha," anatero.

Aphunzitsi anatseka kabuku. "Pepani mayi, inuyo muli ndi chiphaso?"

"Ayi, koma ntchitoyi ndaigwira zaka..."

"Mutikhululukire. Pamene zafikapa, mtima wanga ukhala pansi ikaonedwa ndi munthu wa mapepala. Zimene mwanenazi ndikamupatsa iyeyo."

Ha! Wa mapepala anali ataima pompo, nthambo yake yakupha ili pathabwa. Koma aphunzitsi anawagwira chanza mayiwo ndi manja awiri, mwaulemu wonse, anakweza akazi awo, galimoto n'kutuluka pageti. Nzeru za Mayi Tesita zinapita m'kabuku kukadyetsa galaja ina.

Anatulutsabe kalata ija. Manyazi anali atawathera.

"Alamu, galimoto yatuluka. Lero ndi Lachisanu."

Mlamu anaiwerenga yonse pang'onopang'ono, ngati sanaionepo, n'kuwabwezera.

"Mwandivula pamaso pa anthu, ndiye ndikuchitireni umboni? Pitani akakusayinireni aphunzitsi anuwo."

"Achimwene anu akanakhala moyo, simukanandiyankha choncho."

"Akanakhala moyo," anatero mlamu, akuvala wotchi yake. Anakhoma ofesi n'kupita kukadya.

Mayi Tesita sanalire. Anasamba m'manja ndi sopo wochapira, koma girizi wa zaka zonsezo sachoka m'zikhadabo. Anakwera basi ndi ovololo yomweyo mpaka ku ofesi ya ziphaso, n'kuima pamzere pakati pa amuna okhaokha, aliyense ndi envelopu yake. Pawindo panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Anatembenuza kalatayo uku ndi uku.

"Mayi, apa sipanasayinidwe. Zaka mwalembazi akukuchitirani umboni ndani?"

 Mayi Tesita anatambasula manja onse awiri pawindopo, zipsera za mawaya, chala chapakati chopindika chimene fani ya lole inathyola, zikhadabo zakuda.

Mtsikanayo anawayang'ana, ndipo chisoni chinaoneka ndithu pankhope pake. Kenako anakankhira kalata ija kunja.

"Pepani mayi, manja sitisunga m'faelo. Wotsatira!"